Dothi Lomaliza la Nicasia Huanca

Kuno ku Santa Rufina munthu akamwalira timamuika dothi m'kamwa. Si dothi la kuno ayi, lotuwa ngati phulusali, limene ngakhale udzu umalikana. Ndi dothi lakuda la Kwathu, la dziko lija tinalisiya kuseri kwa nyenyezi, limene banja lililonse linabwera nalo m'chombo. Timati mzimu ukalawa dothilo umakumbukira njira, n'kubwerera kumapiri a ku Bolivia komwe kuli makolo ake. Wopanda dothi amatsala konkuno, kumangozungulira ndi mphepo mpaka kalekale. Amene anayambitsa mwambowu sindimudziwa, koma amene anaugwira ndi manja awiri ndimamudziwa bwino, chifukwa makomo athu anapenyana kuyambira tsiku limene tinatsika. Dzina lake ndi Nicasia Huanca.

Nicasia anabwera ali wongokwatiwa kumene. Mwamuna wake, Fulgencio, anali wa mumgodi, munthu wofatsa amene ankakhulupirira chilichonse chosindikizidwa papepala lonyezimira. A Kampani atafika m'mudzi mwawo ndi zithunzi za minda yobiriwira, n'kunena kuti ndi zaka zochepa chabe kenako aliyense abwerera kwawo ali bwana, Fulgencio anasaina tsiku lomwelo. Nicasia analira mpaka maso kutupa, kenako anamanga katundu, nanga akanatani. Banja lililonse analilola kutenga thumba limodzi la dothi la m'munda mwake. Akatswiri a zaulimi ankati dothi la kuno ndi lakufa, koma akalisakaniza ndi la Kwathu lidzadzuka. La Nicasia anakumba ndi mayi ake enieni, kuseri kwa nyumba pomwe ankabzala mbatatesi, ndipo pomanga thumbalo anangomuuza kuti akatopa abwerere.

Anatopa tsiku lomwe anatsika. Anayang'ana dzuwa lathuli, laling'ono, lofiira ngati diso lodwala, n'kufunsa Fulgencio ngati ndi lomwelo kapena kuli lina lenileni limene lituluke masana. Kuchokera pamenepo sanagwirizanepo ndi dziko lino. Nyumba yake sankaitchula kuti kwathu, ankati "kuja timagona kuja." Pakhoma sanakhomepo ngakhale msomali. Siketi yake yabwino, yotambalala, yamtundu wa magazi, ndi chipewa chake chozungulira anazipinda m'bokosi lachitsulo n'kunena kuti zimenezo ndi za paulendo wobwerera. Maukwati anadutsa, maubatizo anadutsa, bokosilo osatsekulidwa.

Ntchito yake inali yochapa masefa. Fumbi la kuno ndi lakuthwa, likalowa m'chifuwa silituluka, choncho mpweya wolowa m'nyumba zathu umadutsa kaye m'masefa, ndipo masefawo amafuna kuchapa mosalekeza. Amuna ankapita kumgodi, akazi ambiri tinkapita kochapira. Nicasia anachapa masefa mpaka manja ake anang'ambika, n'kupola, n'kung'ambikanso, mpaka anasiya kumva kutentha kwa madzi. Ankachapa akunyoza. Ankanyoza fumbi, ankanyoza madzi onunkha chitsulo, ankanyoza phala la m'matanki limene timadya m'mawa, masana ndi madzulo, ankati ngakhale galu wa kwawo akanalinunkhiza n'kukwiya. Koma sefa yochapa Nicasia unkaidziwa, inkayera kuposa za ife tonse.

Pabeseni loyandikana ndi lake pankakhala Saturnina Aruquipa, mayi wa pakamwa posatseka, amene ankafulula mowa ndi phala lomwelo la m'matanki n'kumalumbira kuti ndi wa chimanga. Nicasia atabereka mwana wake wamkazi, Basilia, Saturnina ndi amene anamunyamula pa ubatizo, choncho awiriwo anayamba kuitanana kuti comadre, ndipo kwa ife ubale umenewo umaposa wa magazi. Ankakangana tsiku lililonse n'kumadyera mbale imodzi.

Poyamba matumba athu onse anawathira m'munda woyesera, pansi pa denga lagalasi. Mbatatesi zinamera, zowonda, zamasamba achikasu, koma zinamera ndithu, ndipo tinkapita kukaziona ngati tikukaona mwana wakhanda. Kenako chombo, chimene chinkabwera ndi katundu ndi kutenga omaliza ntchito, chinayamba kuchedwa. Chinachedwa, chinachedwanso, anthu n'kuyamba kufa asanachione. Maliro oyamba aja ndi amene anasokoneza mitu ya anthu. Kuika m'bale wako m'dothi lopanda ngakhale nyongolotsi, pansi pa thambo losadziwa dzina lake, n'chinthu chimene mtima unakana. Tsiku lina kunacha munda woyesera uli maenje okhaokha, aliyense atakumba dothi lake n'kupita nalo kunyumba. Akatswiri aja anachonderera, wina mpaka analira, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zoona zake n'zakuti tinadyetsa akufa dothi limene likanadyetsa amoyo, ndipo mpaka lero tikudya phala la m'matanki.

Masiku amenewo wakufa ankalandira dzanja lodzaza. Ndiye poti pamaliro sukaniza, amene lake latha ankapempha kwa mnzake, ndipo Nicasia ankapereka. Thumba linayamba kufota. Anthu anatsika kufika pa supuni, kenako pa theka la supuni, kenako kungotsina ndi zala ziwiri. Saturnina, amene anali ndi abale ambiri ndipo lake linatha msanga, ankati posachedwa tizidzangowanunkhiza thumba lopanda kanthu n'kuwauza kuti aziona okha njira. Tinkaseka, chifukwa kuno ukapanda kuseka umangokhala chete.

Chombo chinangosiya kubwera. Palibe amene anatiuza kuti sichibweranso. Wailesi yaikulu ya ku ofesi imalira phokoso lokhalokha, ndipo amene ankaiyang'anira anamwalira akudikira yankho. Pamenepo Nicasia anamvetsa kuti ulendo wobwerera ulipo umodzi wokha, wa m'kamwa uja, ndipo anayamba kulisamala dothi lake ngati diso.

Fulgencio anadwala chifuwa cha fumbi, monga amachitira amuna onse a mumgodi. Anatsokomola nyengo yonse yozizira, akupepesa mkazi wake pa kutsokomola kulikonse ngati walakwira munthu. Atatsala pang'ono anamupepesanso chifukwa cha pepala lija anasaina. Nicasia anamuuza kuti asiye zopusa, amwe madzi. Atamwalira anamusambitsa yekha, anamupatsa supuni yodzaza pamene ena onse ankatsina, ndipo anawerama n'kumunong'oneza m'khutu kuti akawauze mayi ake kuti iye akubwera, asamupatse munthu wina bedi lake. Lotsalalo analisokera m'kathumba kakang'ono n'kukamangirira m'khosi. Linali lokwanira anthu awiri, iye ndi Basilia.

Kuyambira pamenepo anayamba kukana. Anthu ankabwera pakhomo pake ali ndi maliro m'nyumba, iye n'kuwauza maso ali gwa kuti latha. Tonse tinkakaona kathumbako kakutukumuka pansi pa bulauzi, ndipo anthu anamunena kwambiri. Ngakhale Saturnina anakanizidwa. Tsiku lina ali kochapira anamufunsa moseka.

"Comadre, ine tsiku langa likadzafika simudzanditsinirako? Kamwa langa ndi lalikulu koma silifuna zambiri."

"Lanu munamwaza ngati mukufesa, comadre. Langa lili ndi eni ake."

Saturnina anaseka n'kunena kuti umbombo wotere ukanakhala mbatatesi bwenzi tonse titanenepa, koma kwa nthawi yaitali sanadyerenso mbale imodzi.

Vuto linali mwini wake wachiwiri uja. Basilia anakula ali mwana wa kuno weniweni. Dzuwa lofiira ndi lokhalo limene ankalidziwa ndipo ankaliona lokongola. Mphepo zathu anazipatsa mayina, ankadziwa imene imabwera ndi fumbi ndi imene imangoopseza. Mayi ake akamamufotokozera za mvula, za nkhosa, za mtsinje umene madzi ake amangodutsa popanda wowatsekera, iye ankamvetsera ngati mmene timamvetserera munthu wofotokoza maloto ake, mwaulemu koma maso ali pakhomo. Atakula anayamba kuyendetsa chilole chokatenga madzi oundana kumapiri a kumpoto, ndipo ankabwerako akuimba, nsalu yotchinga fumbi ili m'khosi m'malo mwa pamphuno. Nicasia ankamukalipira mpaka mawu kusasa. Chinkamupweteka si fumbi lokha ayi, koma kuona mwana wake akukonda dziko limene linamudyera mwamuna.

Basilia anabereka mwana wamwamuna, Tiburcio. Bambo ake anapita kumigodi ya kum'mwera osabwerera, ndipo za iyeyo n'zokhazo zimene zikuyenera kunenedwa. Mwanayo anali wosekaseka, ankakonda kukoka kathumba ka m'khosi mwa agogo ake n'kumafuna kukaluma. Nicasia anayamba kuwerengera mumtima kuti dothi la anthu awiri likhoza kukwanira atatu ngati atatsina mosamala. Ankaganiza kuti zimenezo ndi za zaka zambiri kutsogolo. Koma ana obadwa masiku ano ambiri sakhalitsa, zifuwa zawo ndi zazing'ono ndipo masefa athu anakalamba. Tiburcio anatisiya asanayambe kuyenda.

Akazi tinasonkhana kuti timusambitse. Nicasia anatenga lumo, anadula ulusi wa kathumba kaja koyamba chimwalirire Fulgencio, n'kutsina. Dzanja lake lisanafike pakamwa pa mwanayo, Basilia analigwira.

"Amayi, mukumutumiza kuti?"

"Kwathu, mwanangu. Kwa agogo ake."

"Kwanu kumeneko akudziwa ndani? Mwana woti akangoona nkhope yachilendo amalira, mukufuna ayende yekha mtunda wonsewo? Ayi. Akhale pano pomwe ndikuona pamene wagona."

Nicasia anachonderera. Anati Fulgencio ali konko ndipo amulandira, anati mwana asasiyidwe kumphepo ngati chinthu chopanda mwini, anatiyang'ana ife kuti timuthandize. Ena anayesa, Saturnina anayesa, koma Basilia sanakweze mawu ndipo sanasiye dzanjalo. Mwana ndi wa mayi ake. Nicasia anabweza dothilo m'kathumba, akupukuta zala mosamala kuti pasatsale kanthu, ndipo Tiburcio anaikidwa m'kamwa muli mbee, woyamba mwa ife kuikidwa chotero mwadala.

Mayi ndi mwana anakhala nyumba imodzi osayankhulana bwino kwa nthawi yaitali. Nicasia ankaona ngati Basilia wamutaya mdzukulu wake. Basilia ankati akachoka kuntchito ankadzera kumanda, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo, nsalu ili m'khosi monga mwa nthawi zonse, akumuuza mwanayo za mphepo imene yawomba tsiku limenelo. Sizinatenge zaka zambiri kuti nayenso ayambe kutsokomola. Nicasia atamva kutsokomola koyambako ali kuchipinda china, anakhala pansi pomwe anaima, chifukwa ankakudziwa.

Anamudwazika monga anadwazikira bambo ake. Ankatenga masefa a nyumba yawo n'kuwachapa kawirikawiri mpaka kutsala pang'ono kubooka, ngati kuyera kwake kungatulutse fumbi lolowa kale. Ndipo tsiku lililonse ankayambitsa nkhani ya dothi, nthawi zina mokalipa, nthawi zina monyengerera. Anamuuza kuti bambo ake akumudikira, kuti kumeneko chifuwa sichipweteka, kuti adzaona mvula ndi maso ake. Masana ena, ine ndili pomwepo ndikuthandiza kusintha zofunda, Basilia anatopa nazo.

"Amayi, musadzandiike dothi lanulo. Lonjezani."

"Ukufuna kundipha ndi chisoni, iwe mwana? Ndinakanira anthu pamaliro chifukwa cha iwe. Ndinakanira comadre wanga."

"Ndikudziwa. Koma Tiburcio ali pano. Ndikapita ndimusiyira ndani?" Anapuma, anatsokomola, kenako anafunsa mofatsa ndithu. "Inuyo mukanandisiya ine?"

Nicasia anatuluka n'kukaima panja pafumbi wopanda nsalu, iye amene sankatsegula ngakhale zenera. Atabwerera analonjeza.

Tsiku la maliro ndinamuyang'anitsitsa, chifukwa ndinkamudziwa. Atamaliza kusambitsa mwana wake anatiuza kuti tituluke pang'ono. Ine ndinaima pakhomo. Ndinamuona akumasula kathumba, akutsina, akuwerama. Wakufa satsutsa, ndipo palibe mwa ife amene akanamuimba mlandu. Zala zake zinaima pamwamba pa milomo ya Basilia nthawi yaitali. Kenako anabweza dothilo, anamanga kathumba, n'kumutseka mwanayo pakamwa ndi dzanja lopanda kanthu. Tinamuika pambali pa Tiburcio.

Tsopano dothi linachuluka. La anthu awiri linatsala ndi munthu mmodzi, ndipo ulendo umene anaudikira moyo wake wonse unali wotsimikizika, wa supuni yodzaza ngati ya Fulgencio. Munthu akanaganiza kuti mtima wake ukhala pansi. Koma funso lija linamutsata. Lamulungu lililonse ankapita kumanda, osati kukapemphera koma kukakangana. Ankaima pamtanda wa Basilia n'kumamuuza kuti ndi wamakani ngati bulu, kuti iye Nicasia sanabadwire kuno, kuti ali ndi mayi akenso amene akumudikira, kuti palibe lamulo lonena kuti munthu avutike ali moyo n'kuvutikanso atafa. Kwanu n'kwanu, ankatero, m'thengo mudalaka njoka. Akatero ankakhala pansi n'kuyamba kuchotsa fumbi pamanda awiriwo ndi manja, podziwa kuti mawa lidzabwereranso.

Zaka zinapita choncho. Santa Rufina inayamba kuchepa. Mgodi unatsekedwa chifukwa panalibenso woti n'kugula miyala yake, nyumba za kumapeto zinakwiririka, sukulu inasanduka mosungira zitsulo zakutha. Kochapira tinatsala ochepa, onse a imvi, tikuchapa masefa obooka n'kumawasoka. Dothi la Kwathu linatha m'nyumba zonse, ndipo anthu ankaikidwa opanda kanthu, abale awo akuyang'ana kumbali. Lokhalo lotsala padziko lonse lino linali la m'khosi mwa Nicasia. Palibe amene ankamupemphanso.

Saturnina anadwala nyengo yozizira yapitayi. Analibe mwana wotsala, choncho tinkasinthana kumudwazika, ndipo Nicasia ankabwera kawirikawiri kuposa tonse, akumukalipira kuti nyumba yake ndi yauve. Saturnina ankayesa kuseka. Ankati akadzakhala mzimu wa mumphepo azidzatigogodera mazenera mpaka tidzamupatse mowa. Koma nthabwala zinayamba kumuthera. Tsiku lina anagwira mkono wa Nicasia n'kunena, osaseka, kuti akuopa. Anati sakuopa kufa, akuopa kutsala kuno. Sanapemphe kanthu, ndipo maso ake sanapite n'komwe pakathumba paja. Nicasia anamuuza kuti agone, wayankhula zambiri.

Saturnina anamwalira m'mawa mwake, ife tikukonzekera kupita kochapira. Tinasonkhana ochepa amene tatsalafe, tinatenthetsa madzi, tinayamba kufunafuna chovala chabwino choti timuveke, koma zonse zinali zigamba. Tili mkati mofufuza, Nicasia analowa atanyamula bokosi lachitsulo lija. Loko wake anali atachita dzimbiri, anachita kumenya ndi mwala. Anatulutsa siketi yofiira ndi chipewa, zikununkha kutsekeredwa, mopindamo mutayera. Tinamuveka Saturnina, ndipo ngakhale siketiyo inali yaikulu kwa munthu wowonda chotero, anaoneka ngati mayi wa Kwathu amene akupita kumsika.

Kenako Nicasia anavula kathumba kaja m'khosi. Sanatsine ayi. Anakhuthula lonse, anagwedeza kansaluko, anakatembenuza n'kukapukutira pamilomo ya comadre wake kuti pasatsale ngakhale kambewu kamodzi. Mmodzi wa ife analephera kupirira n'kumufunsa kuti nanga iye adzapita bwanji. Nicasia anachita ngati sanamve. Anakonza chipewa pamutu pa Saturnina, anawerama monga anaweramira pa Fulgencio, ndipo poti makutu ake anayamba kugontha, kunong'ona kwake tonse tinakumva.

"Comadre, mukafika mukawapeze a Fulgencio ndi amayi. Mukawauze kuti ana ali kuno. Asandidikire."